Tebulo Loyang'ana Kukhoma

Fungo la vanishi mpaka lero limandidzutsira mkwiyo. Ndikadutsa pamene kalipentala akupaka mipando, mtima umabwerera ku nyengo ija ndili Sitandade 8, mvula itangosiya, chisanu cha ku Dedza chitayamba kuluma zala. Kwathu kunali m'munsi mwa phiri la Chongoni, kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa. Tsiku lina madzulo abambo anafika akukankha njinga, atamangapo tebulo latsopano la matabwa a paini. Analiika pabalaza, loyang'ana kukhoma, nati ndi langa. Mayeso osankhira ana opita ku sekondale anali pafupi, ndipo ine ndinkafunitsitsa kusankhidwa kuposa china chilichonse.

Koma nkhaniyi siyambira pa tebulopo. Ine ndinali mwana wa khutu, zinthu sizinkandilowa ndi maso. Ndikayang'anitsitsa tsamba, mutu unkangoti zii. Koma mawu omwewo ndikawaika m'nyimbo, ankamata ngati chisoso pa diresi. Ndikaweruka ndinkasuzumira m'kope pang'ono, n'kusankha chuni, basi ulendo. Mitsinje ya m'Malawi ndinkaiimba popita kokatola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango. Zigawo za duwa ndinkaziimba kudimba, tikukumba kachewere, dothi lozizira lili m'zikhadabo. Mawu ovuta a Chingerezi ndinkawasakaniza ndi Chichewa kuti agwirane. Ine ndinkatsogolera, mnzanga Felisita akuvomera, mitolo ili pamutu. M'kalasi sindinkachoka pamwamba, ndipo palibe anandifunsapo kuti ndimatani.

Vuto linali loti nyimbo zomwe ndinkadziwa zinali za kutchalitchi zokhazokha. Abambo anali mkulu wa mpingo, ndipo wailesi kwathu inkatsegulidwa pa nkhani ndi pa mapemphero basi. Nanga chuni china ndikanachitenga kuti?

Loweruka lina, mawa lake kuli Mgonero, amayi ena a mpingo anabwera kudzasita nsalu za kutchalitchi. Anakhala pakhonde ndi makolo anga, ine osadziwa. Ndinali kuseri kwa nyumba, ndikukwecha miphika ndi phulusa, ndikubwereza phunziro la Sayansi la momwe chakudya chimayendera m'thupi. M'nyimbo yangayo ndinachilowetsa m'kamwa, ndinachitsitsa kummero, ndinachifikitsa m'mimba ndi m'matumbo. Potsiriza ndinatchula pomwe chimatulukira, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, ndikukoka mawu bwinobwino pamene mpingo umakokera. Chunicho chinali cha nyimbo imene amaimba mkate ukuyenda. Pakhonde anamva zonse. Kenako mayi wina anayamba kuseka, n'kusandutsa chisekocho chifuwa.

Abambo sanandimenye. Akanandimenya bwenzi zitathera pomwepo. Alendo atapita anandiitana, nalankhula motsitsa mawu.

"Tiyamike, sukulu si gule. Munthu wophunzira amakhala pansi, n'kutseka pakamwa."

Patangopita masiku ochepa, tebulo lija linafika. Pamodzi ndi tebulolo panabwera lamulo limene mudzi wonse unaliombera m'manja: Tiyamike asagwirenso ntchito iliyonse mpaka mayeso atatha. Kunkhuni ayi, kudimba ayi, kumjigo ayi. Ndikaweruka, kudya, kenako patebulo mpaka dzuwa kulowa. Abambo ankakhala kumbuyo kwanga ndi Baibulo lawo, magalasi ali pamphuno, khutu lili kwa ine. Milomo yanga ikangogwedezeka, ankagogoda mpando ndi chala. Phazi langa likayamba kuponda chuni pansi pa tebulo, go go go, chala chija.

Ndinakhala. Simenti inkandizizira kumapazi mpaka m'mawondo. Vanishi ankamata ku zigongono. Kutsogolo kwanga kunali khoma la laimu, lokhala ndi mng'alu umene unkatsika kuchokera kudenga n'kupatuka pawiri, ndipo mng'alu umenewo ndinauphunzira bwino kuposa phunziro lililonse. Panja ndinkamva mbuzi zikubwerera, mitondo ikulira, utsi wa nkhuni za paini ukulowa pazenera. Nthawi zina Felisita ankadutsa ndi mtolo wake akung'ung'udza nyimbo zathu zija, ine ndikumeza malovu. Tsamba ndinkalitembenuza ndikaona kuti papita nthawi yokwanira, kuti abambo amve pepala likulira. Apa n'kuti kusukulu aphunzitsi akuthamangitsa mitu yotsala, tsiku lililonse zatsopano, ndipo zonsezo zinkakafera patebulo paja.

Anthu ankandiyamikira mwayi. Amayi a kumjigo ankati abambo anga ndi bambo weniweni. Atsikana anzanga, amene misana inkawapweteka ndi ntchito, ankandinena kuti ndasanduka bwana. Ukamenyedwa umalira, anthu n'kukumvera chisoni. Koma ukalangidwa ndi mphatso, ukadandaula kwa yani? Ndinayesa kamodzi, amayi akusenda nyemba kukhitchini.

"Amayi, sizikulowa. Ndikangokhala chete sizilowa."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Usatichititse manyazi kawiri, mwanawe. Anzako akulirira mwayi umenewu."

Mwina wina anganene kuti bwanji sunkaimba mobisa. Ndinayesa, panjira ya kusukulu ndiponso kubafa. Koma njirayo inali yaifupi, ndipo mudzi wonse unali makutu a abambo. Choipa kwambiri, manyazi anali atandilowa. Ndikangoyamba chuni, ndinkamva chifuwa cha mayi uja, kukhosi n'kutseka. Chinthu chimene ndinkachita mosaganiza, ngati kupuma, chinasanduka tchimo. Ndinkadana ndi tebulo, ndinkadana ndi chala chogogoda chija, ndinkadana ndi aliyense wondiuza kuti ndine wamwayi.

Mayeso anafika m'mawa wa nkhungu. Tinalowa m'kalasi manja atauma, oyang'anira achilendo akuyendayenda ndi majekete. Mayankho ochokera m'nyimbo zanga zakale ankabwera okha. Ndinkangong'ung'udza chamumtima, cholembera n'kumathamanga. Koma nditafika pa zimene ndinawerenga patebulo, ndinaima. Ndinkakumbuka kuti yankho lili kudzanja lamanja la tsamba, m'munsi mwa chithunzi. Ndinkaliona tsambalo, ndinkauona ngakhale mng'alu wa pakhoma. Mawu okha ndiwo kunalibe. Ndinaluma cholembera mpaka kuchiphwanya, misozi ikudontha papepala, osati ya mantha koma ya ukali. Ndinkadziwa kuti si ine mbuli.

Zotsatira zitatuluka, abambo anapita okha kusukulu kukamva. Felisita anasankhidwa, ndi nyimbo zanga zomwe zija. Dzina langa panalibe. Abambo anabwera pang'onopang'ono, anakoleka chipewa pa msomali, n'kukhala pampando wawo uja. Ndinkadikira kuti mwina tsopano aona. Anapumira m'mwamba.

"Ndinachedwa kukuletsa zoimbazi," anatero. "Zinali zitakuwononga kale mutu."

Ndinatuluka, n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Nkhwangwa inali pomwepo, yotsamira ku mtengo wa pichesi, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa chimene chinandiletsa kukaliwaza tebulo lija.

Chaka chotsatira ananditumiza kwa azakhali ku Kabwazi kuti ndikabwereze kalasi. Azakhali analibe nthawi yolondera milomo ya munthu. Anali ndi mbuzi, dimba la kabichi, ndi ntchito yosatha. Kumeneko kukhosi kunatsegukanso pang'onopang'ono, ndipo ndinasankhidwa. Abambo anauza akulu anzawo a mpingo kuti mwambo umene anandiphunzitsa unangochedwa kubala zipatso. Anakhulupirira zimenezo mpaka kumanda.

Ndili mwana ndinkati abambo anandilanga chifukwa ndinawachititsa manyazi pamaso pa mpingo. Ndinakula ndisanadziwe zina. Amayi ndiwo anadzandiuza, atakalamba, kuti abambo anali mnyamata wanzeru amene ng'ombe za amalume awo zinamulanda sukulu. Ankawerenga choimirira kubusa, ndipo analumbira kuti mwana wawo adzawerenga atakhala pansi. Anandiuzanso kuti nyengo yonse ija madzi amene ndinkasamba ankatunga ndi abambo, m'bandakucha, kuti anthu asaone mkulu wa mpingo atanyamula ndowa.

Tsopano ndikudziwa kuti sichinali chilango. Munthuyo anandipatsa chinthu chokhacho chimene iye anachilakalaka moyo wake wonse. Ndikumvetsa, koma mkwiyo sunathe, wangosintha malo. Anandikonda mpaka kunditungira madzi. Anakhala kumbuyo kwanga masana onse aja, pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo, ndipo sanandifunsepo ngakhale kamodzi kuti, "Kodi mwana wanga, iweyo zimakulowa bwanji?"