Miyala ya ku Halale ndi ya Kwathu

Chaka chimene matalala anang'amba fodya wathu yense, ndinauza mkazi wanga Naphiri kuti ndikupita ku Halale. Chitaganya chinali chitangoyamba kumene. Iye anali ndi pakati, ndipo anangofunsa kuti, "Mukabwera liti?" Ndinati zaka ziwiri. Ndinakhalako zisanu ndi ziwiri.

Ntchito yoyamba inali yosesa m'sitolo ya Mmwenye wosula mphete ndi ndolo. Kuseri kwake kunkagwira ntchito a Zuze, mkulu wa ku Tete wosakonda kuyankhula. Azungu ankabwera ndi timiyala totola m'mitsinje, tobiriwira, tofiirira, tina tamizeremizere, kuti awaikire m'siliva. Ine tsache m'manja, maso ali pa zala za a Zuze. Tsiku lina anandipatsa tupa.

"Kuyang'ana kwakwana. Khala apa."

Anandiphunzitsa kudula kalamba ka siliva, kukazunguliza pamwala, kukalumikiza ndi moto, kenako kupinda m'mphepete mwake pang'onopang'ono mpaka mwala utagwira. Woyamba ndinauphwanya chifukwa cha phuma. Wachiwiri unkagwedezeka ngati dzino. A Zuze sanakalipe. Ankangoti, "Usaukakamize, mwala suwongoka. Siliva ndiye amapindika." Mpaka lero chala changa chachikulu chili ndi chipsera cha masiku amenewo.

Ndalama ndinkatumiza ndikapeza munthu wa kwathu ku Madisi wopita kumudzi. Makalata ankamuwerengera Naphiri ndi katekisiti, choncho sindinkalembamo zoti Lamulungu lililonse ndimakhala ndekha pakhomo pa kachipinda kanga, kumvetsera anthu akudutsa, kuyembekeza kuti wina ayankhule chinenero chathu. Ndinkangolemba kuti ndili bwino.

Kalata imene inandibweza inachokera kwa malume ake a Naphiri. Inati mwana wanga Tereza wayamba sukulu, anthu ayamba kunditchula mtchona, ndipo mvula ikagwa ndisanafike, iwo amasula mbumba yawo. A Zuze anandikulungira tupa, kanyundo ndi waya wa siliva m'kansalu. Sitinaonanenso.

Ndinafika mu Okutobala, mapiri atapsa ndi lupsa. Ndinalunjika pamene panali nyumba yathu, ndinapeza munda wa mtedza. Naphiri anali atamanga ina kumtunda, yazipinda ziwiri, ndi ndalama za mtedzawo. Anandiyalira mphasa pakhonde, nandilonjera mogwada ngati mlendo. Tereza anabisala kuseri kwa nkhokwe.

Mphete imene ndinamusulira Naphiri anaiyesa, naivula. "Ndi yokongola, koma khasu lidzaidya. Denga ilo limadontha, bambo a Tereza."

Ndinakwera padenga m'mawa mwake. Mphete panalibe wogula m'mudzi monse. Azimayi ankangobwera ndi makolona oduka kuti ndiwalumikizire, kulipira mazira.

Patapita milungu itatu, Tereza anaima patali, natambasula dzanja. Munali kamwala koyera kamizere yofiira, kotola kumtsinje kumene amayi ake amachapa.

"Akuti inu mumaveka miyala zovala."

Ndinakatembenuza padzuwa. Kanali kabwino kuposa miyala yambiri imene ndinagwira ku Halale, chonsecho mtsinje umenewo ndinauwoloka ubwana wanga wonse osayang'ana pansi.

"Ilipo ina?" ndinafunsa.

"Yambiri. Koma simungadziwe malo ake."

Anatsogola iye, ine pambuyo, m'kanjira kamene kanalibepo pamene ndinkachoka.