Mkanjo wa Mércia Wapita ndi Akatekista

Inali sinko ora, ndiye kuti faifi koloko, m'mawa wa Lachinayi, ndipo amayi Antonieta anali atayamba kale kukupiza makala m'simbi pakhonde pawo. Nsalu za paguwa zinali pamphasa kudikira.

Ntchito imeneyi ayigwira zaka makumi awiri ndi zinayi. Palibe amene anawasankha. Tsiku lina anaona kuti mkanjo wa a Padre wada m'khosi, anautenga kukauchapa kunyanja, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chansalu m'tchalitchi chathu cha Angilikani ku Cóbuè chinakhala chawo. Sopo ndi wawo, makala ndi awo. Alendo a ku dayosizi akayamikira kuyera kwa guwa, amene amaimirira kulandira mawuwo ndi amuna a mu komiti.

Mwana wawo Mércia anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku yunivesite ku Lichinga, ndipo mwambo wolandira digiri unali Loweruka. Lachitatu anafika ndi mkanjo wakuda wa mwambowo, womwe kusukulu amautcha beka, ndi chipewa cha ngodya zinayi, kuti agogo ake osatha kuyenda aone. Galimoto yobwerera inali yonyamuka Lachisanu masana, ndipo wopanda beka salowa pamzere wa olandira digiri.

Kwa amayi Antonieta, chovala chachitali chakuda sichigona m'nyumba yonunkha usipa. Atachisita madzulo, anakachikoleka m'kachipinda ka zovala kuseri kwa guwa, osauza munthu.

Ine ndimasesa m'tchalitchimo, choncho m'mawa umenewo ndinadzera pakhonde pawo kukatenga tsache.

"Amayi a Mércia, a dayosizi aja akumbuka tsopano," ndinatero. "Ndakumana ndi a Hezekiya akutsikira kudooko atavala mkanjo watsopano. Manja ake ngati mapiko a nkhwazi."

Anasiya kukupiza. "Kumutu anavala chiyani, a Rebeka?"

"Kanthu kafulati, ka mchira."

A Hezekiya ndi akatekista athu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi akhala akulemba makalata ku dayosizi opempha mkanjo wina, chifukwa wawo unasuluka mpaka kubiriwira. Atalowa m'kachipinda mbandakucha n'kupeza chovala chosita bwino, anagwada kuthokoza. Anandiuza okha panjira, misozi ili m'maso. Anati ngakhale chipewacho ndi cha mtundu umene ankavala amishoni akale, ndipo mkanjo wakalewo aupereka kwa opalasa kuti azitsekera pobowoka m'bwato. Ankapita kumudzi wina wa kugombe kukaphunzitsa a ubatizo, kubwera Lamulungu.

Mércia anatuluka m'nyumba atamva zonse.

"Amama, zaka zinayi ndawerenga ine, digiri mwapatsa a Hezekiya?"

"Ndimafuna chigone pamalo oyera."

"Chagona. Tsopano chikukabatiza."

Agogo ake, bambo a amayi Antonieta, anayankhira m'kati kuti a Hezekiya analekeza kalasi yachinayi, ndiye Mulungu wawalumphitsa makalasi ambiri usiku umodzi.

Amayi Antonieta sanaseke. Anamaliza kusita nsalu imene anaiyamba, chifukwa sasiya nsalu pakati, kenako anakhutula makala. Foni kumudzi kumene anapita a Hezekiya sigwira. Wapansi ndi ulendo wa tsiku lathunthu m'miyala. Boti la injini pafupi linali limodzi, la a Yassine, Msilamu amene mpanda wake unagundana ndi wawo.

"Pitani mukangowavula," anatero Mércia.

"Pamaso pa ana a kalasi? Munthu wagwada kuthokoza, iwe. Ayime ndi malaya a mpira?"

Amayi Antonieta anafufuza m'bokosi la tchalitchi kufuna china choti a Hezekiya avale. Munali mikanjo yofiira ya ana otumikira, yosafika ndi m'mawondo a a Hezekiya, ndi nsalu yofiirira yophimba bokosi la maliro. Anaigwira kanthawi, n'kuibwezera.

Tinapeza a Yassine akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango.

"Mwalawira, amayi a tchalitchi. Mwabwera kudzatembenuka?"

"Lero ayi. Injini yanu ili ndi mafuta?"

Amayi Antonieta atawafotokozera, a Yassine anaseka mpaka singano inagwa mumchenga. Anati anamuona munthuyo akudutsa ataimirira m'bwato, kuopa kukwinya chovala, ndipo iwo anaganiza kuti boma latumiza woweruza.

Amayi Antonieta anadikira kuti amalize. Maso awo anali pachingwe cha kuseri kwa nyumba, pomwe panayanikidwa mkanjo wakuda umene a Yassine amavala popita kumzikiti.

"A Yassine, zopempha zanga ndi ziwiri. Mundiperekeze ndi boti tisanapse ndi dzuwa. Ndipo mundibwereke mkanjo uwo, a Hezekiya avale mpaka Lamulungu."

"Mawa ndi Lachisanu, amayi. Ine ndikapemphera nditavala chiyani?"

"Muli ndi woyera uja wothimbirira m'khosi. Ndimauona Lachisanu lililonse, ndipo umandipweteka mtima. Ndipatseni ndiunyike tisananyamuke, mawa muupeza wosita."