Mphesa Zoyera za a Cosmas

A Cosmas a ku Mnkhanya anatha zaka makumi awiri ali weta, akuthirira alendo vinyo woyera pa kampu ina ku Nkwali, koma mphesa zenizenizo anali asanazionepo. Atapuma ntchito, mkulu wa kukhitchini anawapatsa kamtengo m'chitini, nati ndi ka mphesa zoyera. Anapalasa njinga akuimba mpaka kwawo, n'kulonjeza akazi awo a Tabeth kuti tsiku lina adzawaperekera mphesazo pathebulo ngati mlendo wobwera pandege.

Munthuyu akagwira chinthu ndiye wagwira. Madzi ankatunga okha, mpanda anaupaka tsabola kuopa njovu, ngakhale nkhuku zinaphunzira kulambalala. Chaka chachitatu, taonani zipatso zili lendelende! A Cosmas anavina pabwalo fumbi lili koboo, kenako analengeza kuti pasapezeke wokhudza mpaka mphesazo ziyere.

Koma kuyera kwake kuti? Milungu inkapita, mphesa zili biriwiri.

"Mwaswera bwanji a Cosmas? Zayera kodi?" ankafunsa odutsa panjira, akubisa mano.

A Tabeth nawo anayesako. "Atate ake Dolly, zafewatu izi. Tilaweko imodzi."

"Iyayi, amake Dolly. Mkulu wa kukhitchini uja anati zoyera, m'Chizungu. Chizungu ndimachidziwa ine."

Loweruka lina m'mamawa anamva phokoso kuseri. Anapeza anyani ali ndondondo pampanda, masaya atatupa, tsabola uja alibe naye ntchito. Pamene ankatola mwala n'kuti onse atathawa. Pansi panatsala mphesa zitatu zokha.

A Cosmas anangoti khwaa pansi, mtima utasweka. Anatola imodzi n'kuiluma mwaukali. Mayo ine, tseketseke ngati uchi! Zinali zitapsa kalekale. Kuyera kuja linali dzina chabe. Anaseka mpaka misozi, ndipo ina mwa misoziyo sinali ya kuseka.

Anatsuka ziwiri zotsalazo, anaziika m'mbale yabwino, n'kukhazika akazi awo pathebulo pansi pa mtengo wa mango.

"Madamu, chakudya chanu. Pepani n'chochepa. Anyani amadziwa Chizungu kuposa ine."

A Tabeth anadya yoyamba pang'onopang'ono, atatsinzina. Yachiwiri anaidyanso, osagawirako munthu. Kenako anapukuta pakamwa, n'kuwayang'ana amuna awo mwachikondi.

"Aweta, chaka chamawa ndibweranso. Tengani ndowa mukathirire."