Dzino Lomata ndi Mluzu wa a Chipeta

A Yoram Chipeta ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Sabata yanga yoyamba pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Manyamula, nditangofika kuchokera kwathu ku Dedza, ndinali kulemba masamu pa bolodi pamene mluzu wakuthwa unalowera pazenera. Ana onse anatembenuka. Kamtsikana kena kokhala kutsogolo, dzina lake Temwa, kanandiuza monyadira kuti amenewo ndi bambo ake, akuimitsa ngolo.

A Chipeta anabadwira m'dera lomwelo ndipo anakula akuweta ng'ombe za abambo awo. Ali mnyamata anapita kukagwira ntchito ku nkhalango ya paini ku Chikangawa, komwe ankakoka zipika ndi ng'ombe kupita nazo kumsewu. Kumeneko tcheni linaduka tsiku lina n'kuwamenya pakamwa. Mano awiri akutsogolo anabenthuka m'mbali zoyang'anizana, pakati n'kutsala mpata wolowa njere ya chimanga. Sanapite kuchipatala. Anangotsuka mkamwa ndi madzi amchere n'kubwerera ku ntchito.

Atabwerako anagula ng'ombe ndi ngolo, ndipo moyo wawo wonse wakhala umenewo: kulimira anthu m'dzinja, kututa chimanga ndi fodya m'masika, njerwa ndi mchenga m'chilimwe. Ng'ombe zasinthasintha, koma nthawi ya nkhani ino zinali ziwiri, Bantomu ndi Chikangawa. Chikwapu anali nacho koma chinkangokhala m'ngolo. Mluzu waufupi unali woti ziyende, wokhotakhota woti zitembenuke, ndipo wautali uja, womveka mpaka m'kalasi, unali woti ziime pomwepo. Ngolo imeneyi ndiyo inaphunzitsa Temwa mpaka anakhala namwino ku Lilongwe.

Chaka chomwe Temwa ankakwatiwa ndi Howard, mnyamata wa ku Lilongwe komweko, anandiimbira foni. Anati akufuna bambo ake akaoneke bwino pa zithunzi za ukwati, poti moyo wawo wonse amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja akakhala pakati pa alendo. Anali atalankhula kale ndi dokotala wa mano pa chipatala china cholipira. Anandipempha kuti, popeza nanenso ndinali woitanidwa, ndinyamuke nawo msanga makolo ake ndi kukawathandiza kumva zomwe dokotala akanene, chifukwa Chichewa cha a Chipeta n'chogulira mchere basi.

Tinafika kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike. Dokotalayo anali mayi wachitsikana, waulemu. Anawaunika mkamwa, n'kunena kuti mano ndi olimba, mizu ili bwino, ndipo njira zokonzera zinalipo ziwiri. Ine ndinkamasulira m'Chitumbuka pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana a sitandade folo.

Njira yoyamba anaitchula kuti maviniya. Anati ndi tizikamba topyapyala ngati chikhadabo, topangidwa ndi dothi lowotcha longa la makapu a tiyi, tomwe amamata kutsogolo kwa dzino. Timawala ngati dzino lenileni, sitida ndi tiyi, ndipo timakhala zaka khumi kapena kupitirira. Koma kuti tikhale bwino, dokotala amayamba wapala khungu lolimba la dzino, ndipo lomwe lapalidwa silimeranso. Munthu akalowa njira imeneyi wailowa mpaka kalekale: kachikamba kakasweka, amaika kena. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndiponso pamafunika kubwera kawiri, chifukwa amayamba ajambula mano kuti tizikambato tikapangidwe kwina.

Njira yachiwiri anaitchula kuti kompoziti. Ili ndi phala loyera lomwe dokotala amamata pa dzino, kuliumba ndi manja ake, kuliumitsa ndi kanyali kabuluu, kenako kulisalaza. Zimatha tsiku lomwelo, dzino silipalidwa kwenikweni, mtengo ndi wotsika. Kuipa kwake n'koti limada ndi tiyi ndi fodya, limabenthuka munthu akamaluma nzimbe kapena chimanga chokazinga, ndipo zaka zake n'zochepa. Koma likabenthuka amangowonjezera, ndipo munthu atafuna, lingathe kuchotsedwa.

Temwa ankafuna maviniya. Anati pa ukwati akhoza kuvala zongoyembekezera, zenizenizo n'kudzaika pambuyo, ndipo iye ndi Howard anali okonzeka kulipira. A Chipeta anafunsa funso limodzi lokha: ulendo wachiwiriwo udzakhala liti? Atamva kuti pakapita milungu ingapo, anapukusa mutu. Nthawi imeneyo mvula idzakhala itagwa, ndipo anthu anali atawauza kale za minda yawo.

"Adada, musawerengere ndalama zanga," anatero Temwa, misozi ili m'maso.

"Sindikuwerenga ndalama, mama. Ndikuwerenga mitambo. Mbwenu andimate phalalo tizipita."

Anawamata. Atawapatsa galasi, anadziyang'ana nthawi yaitali. Akazi awo, NyaShaba, anagwira pakamwa n'kunena kuti munthu amene anawakwatira si ameneyu, uyu ndi wa pa kalendala. Mpata unali utatsekeka, mano atafanana ngati sanabenthukepo. Pa ukwati a Chipeta anaseka osabisa, ndipo chithunzi chawo ali ndi mwana wawo chili pakhoma pawo mpaka lero.

Palibe aliyense wa ife anatchula za mluzu kwa dokotala. Kwa ife mluzu inali nkhani ya ng'ombe, osati ya mano, ndipo eni ake ankakhulupirira kuti umachokera pa milomo ndi lilime. Komanso masiku onsewo ankagona kwa asewere awo, makolo a Howard, ndipo bambo wa ku Mzimba sangaimbe mluzu pakhomo pa asewere ngati mnyamata wa kubusa. Choncho anabwera nawo mano atsopanowo mpaka kumudzi asanayesepo n'kamodzi komwe.

Zomwe zinachitika kukhola anandiuza pambuyo pake ndi NyaShaba. M'mawa mwake a Chipeta anamanga ng'ombe m'goli, n'kukoka mpweya monga mwa masiku onse. Panatuluka mphepo yokha, ngati munthu akuuzira phala lotentha. Anayesanso. Ng'ombe zinangoima, zikubzikula. Anawauza akazi awo kuti asauze munthu, mwina mkamwa mukadali mwachilendo. Masiku otsatira ankazilankhula ndi mawu, n'kumazikhudza ndi chikwapu chomwe zinali zisanachidziwe. Zinkayenda, koma mokayika, makutu ali m'mwamba.

Ife kusukulu sitinadziwe kanthu. Tinali tikumanga chipinda china chophunziriramo ndipo a Chipeta ndiwo ankatuta njerwa. Msewu wofika pasukulu umatsetsereka pang'ono usanalowe m'bwalo. Tsiku limenelo inali nthawi yopuma, ana ali ponseponse, atsikana akusewera fulaye pafupi ndi msewu. Ndinali pakhonde pamene njinga yamoto ya kabaza inadutsa ngolo mothamanga, ikuliza hutala. Ng'ombe zinadzidzimuka n'kuyamba kuthamanga, njerwa zikuzikankha kumbuyo.

Sindinachite mantha poyamba, ndipo ana nawonso sanasunthe. Tonse tinkadziwa chomwe chimatsatira: mluzu wautali, ng'ombe n'kuima. Ndinawaona a Chipeta ataimirira m'ngolo, masaya atatupa, akuuzira. Sipanamveke kanthu. Anauziranso. Ngolo inali ikubwerabe, ndipo ana anali akudikirabe mluzu, ena akuseka.

Ndinakuwa kuti athawe, ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ana anabalalika. A Chipeta anadumpha, n'kugwira chingwe cha Bantomu ndi kuchikokera kumbali ndi thupi lawo lonse. Ngolo inakhotera mu ngalande n'kugubuduzika, njerwa zikumwazika pomwe atsikana aja ankasewera. Mpira wawo wa mapepala tinaupeza pansi pa njerwa.

Tinawerenga ana kalasi ndi kalasi. Onse analipo, wina atangosupuka bondo pothawa. Bantomu anali atavulala mwendo wakutsogolo. A Chipeta anakhala pansi m'fumbi, malaya atang'ambika. Anthu atasonkhana n'kuyamba kufunsa chifukwa chomwe sanaziimitsire, iwo anangoloza pakamwa pawo. Anthu omwe anali atayamikira mano aja sabata yonse anawayang'ana ngati akuwaona koyamba.

Madzulo ake NyaShaba anabwera kunyumba kwanga. Anati amuna awo anena kuti agulitsa ng'ombe, chifukwa munthu amene sangathe kuimitsa ngolo alibe chifukwa chokhalira nayo, ndipo ng'ombe zazikulu sizingaphunzire chinenero chatsopano mvula isanagwe. Za Temwa analetsa kuti asauzidwe. Mwana anawachitira ulemu, iwo sangabweze mphatso yake.

Ndinawakumbutsa mawu omaliza a dokotala, omwe ndinawamasulira ndekha tsiku lija: phala lija lingathe kuchotsedwa. NyaShaba anati mawuwo anawamva, koma ndani angauze mwanayo? Ndinawapempha chilolezo kuti ndimuuze ine, poti ndinamuphunzitsa kugwira pensulo ndipo sangandikwiyire nthawi yaitali.

Nditamuimbira foni, Temwa anamvetsera nkhani yonse osandidula. Nditafika pa za ana, anafunsa kawiri ngati ndikunena zoona kuti palibe amene anavulala kwambiri.

"Madamu," anatero, "ine ndinkangoona dzanja lomwe ankatseka nalo pakamwa. Mluzu uja unkandiitana kudambo tsiku lililonse, koma sindinaganizepo kuti umatulukira pati. Ndapota, abwere mawa."

Anafuna kuti ndipite nawonso, ndipo a hedi anandilola. Dokotala uja atamva chomwe tabwerera, anavula magalasi n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Anati anthu amabwera kudzatseka mipata, wobwera kudzatsegula anali asanamuonepo. Atamva za ngolo, nkhope yake inasintha. Ananena kuti akanadziwa akanafunsa, ndipo anawonjezera kuti mwayi wake ndi woti sanaike maviniya. Mano akanakhala atapalidwa kale, kubwerera pa akale kukanakhala kosatheka, ndipo kukonza mpata kukanafuna kupanga tizikamba tina popanda chitsimikizo choti mluzu ubwerera.

Sanachotse phala lonse. Ankapala pang'ono pakati pa mano awiriwo, n'kuimitsa makina, n'kuwauza kuti ayese. A Chipeta ankachita manyazi kuimba mluzu pamaso pa mayi wophunzira, m'nyumba yoyera chotero, mpaka Temwa anawauza kuti atseke maso aganize kuti ali kukhola. Poyamba inali mphepo. Atapalanso, kunamveka kamawu kosasa ngati ka mwanapiye. Dokotala anaseka n'kupalanso pang'ono.

Atayesanso mluzu unatuluka wonse, wautali uja. Mtsikana wothandiza dokotala anagwetsa mbale ya zipangizo. Mlonda wapakhomo anasuzumira kuti aone chachitika n'chiyani. Temwa anali atagwira chipupa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Yewo chomene, adokotala," anatero a Chipeta. "Lekerani pomwepo. Musapitirire, mungaphunzitse ng'ombe zanga nyimbo ina."

Tinafika kumudzi mitambo itada kale kumadzulo. A Chipeta sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita kukhola ndi jekete la paulendo, ife tikuwatsatira, n'kuimba mluzu waufupi. Chikangawa anadzuka nthawi yomweyo. Bantomu anatenga nthawi chifukwa cha mwendo, koma anadzuka, n'kubwera akutsimphina kudzaika mphuno pa mtengo wa khola.

Chaka chimenecho analima mochedwa, atabwereka ng'ombe ina kuti iyende ndi Chikangawa kufikira Bantomu atachira, ndipo minda ina inapita kwa anzawo. Njerwa zomwe zinasweka anaumba zina okha, ngakhale komiti ya sukulu inawauza kuti asavutike. Lero mano awo ali ndi kampata kakang'ono kuposa kakale. Phala lotsalalo layamba kufiira monga ananenera dokotala, chifukwa tiyi sanasiye, ndipo Temwa akuti adzawatenga akalisalaze akamaliza kututa. Nzimbe amayamba aziduladula ndi mpeni.

Ngolo ikamatsetsereka kubwera kusukulu, amaiimitsa pamwamba pa mtunda, kutali ndi bwalo, n'kutsika kuiyendetsa wapansi. Ana omwe analipo tsiku lija tsopano amathawa kaye akaona ngolo, mluzu n'kumaumvera ali pakhonde. Zimenezo ndinawaphunzitsa ndine.