Kamwala ka pa Khoma la Aroma

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene ndinaba mwala wa Aroma. Tinkakhala ku Gorbals, dera lina la mzinda wa Glasgow, pa nsanjika yachitatu, kufupi ndi msewu wa Caledonia Road. Bambo anga ankayendetsa basi, mayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ine ndinali mwana mmodzi yekha, wolongolola komanso wokonda kutamidwa. Ku Glasgow tinafika ndili ndi zaka zinayi. Chichewa ndinkachilankhula chifukwa mayi sankayankha Chingerezi m'nyumba, koma miyambo ya kwathu ndinkaimva ngati nkhani za anthu ena.

Bambo anali olodzedwa ndi Chilatini. Ali mnyamata anaphunzira ku seminale akufuna unsembe, kenako anakumana ndi mayi ndipo unsembewo unathera pomwepo. Chimene anatulukako nacho ndi Aroma awo, anthu akale aja olankhula Chilatini. Dzina langa loti Flavia analitola m'mabuku omwewo. Mayi ankafuna Chikondi, koma anagonja. Kuyenda nawo m'tauni chinali chilango. Ankaima pa nyumba iliyonse ya zipilala n'kukufunsa kuti anthu a kuno anaonera ndani kumanga chonchi. Pafupi ndi kwathu panali bwinja la tchalitchi chimene chinapsa kalekale, chotsala nsanja ndi zipilala, ndipo bambo sankadutsapo osatukula mutu.

"Ukuchiona chikwangwanicho?" ankatero. "Caledonia. Dzina limenelo Asikotishi anawapatsa ndi Aroma. Eni dziko lino amanyada kuti Aroma sanawagonjetse, koma taona, dzina lochokera kwa mdani ndi limene analikumba m'mabuku n'kulilemba pamisewu. Nawonso agogo ako ku Ntcheu akamati Julaye, Ogasiti, amakhala akutchula akuluakulu a Aroma osadziwa."

"Aroma anuwo abwere adzatsuke mbale," mayi ankawayankha ali kukhitchini.

Chaka chimenecho mayi anali oyembekezera. Mimba ziwiri zinali zitapita padera m'mbuyomo, choncho iyi ankaiyendera pang'onopang'ono, ndipo itafika miyezi isanu ndi itatu m'nyumba mwathu munayamba kumveka kuseka. M'chipinda changa munali kabati, ndipo dirowa yake ya pansi mayi anaidzaza ndi zovala za mwana: matewera, tizipewa toluka, timasokosi, ndi shawelo imene agogo anatumiza. Atatha kulongedza anaitseka n'kulamula kuti asaitsegule munthu mpaka mwini wake atafika.

Nthawi yomweyo kusukulu tinayamba kuphunzira za Aroma. Bambo anasangalala ngati awakweza pantchito. Loweruka lina mu Okutobala, mayi akupuma, tinakwera sitima kupita ku Bearsden, kumene kunadutsa khoma limene asilikali a Aroma anamanga zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo. Kumeneko dzina la Aroma analithera pamisewu: Roman Road, Roman Drive, Roman Court. Bambo ankawerenga chikwangwani chilichonse mokweza, ine n'kumachita manyazi. Anandionetsa maziko a nyumba imene asilikaliwo ankasambiramo, ali gone pakati pa nyumba za anthu olemera. Kenako anati khoma lenilenilo limaoneka bwino chakumtunda. Tinakwera kamtunda mvula yowaza ikutinyowetsa, ndipo tinakaima pa chipata cha manda.

Pamenepo bambo anazengereza. Kwathu mwana salowa kumanda, ngakhale wamkulu salowako popanda maliro ndi chilolezo cha eni ake. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Kwa ine manda a ku Glasgow anali malo a udzu wometa bwino kumene anthu ankayendetsako agalu.

"Ife sitikupita kumanda, tikupita kukhoma," anatero bambo, ngati akudziuza okha. "Koma amayi ako usakawauze kuti tinalowa muno. Ukudziwa mmene alili panopa."

Ndinalonjeza. Ndinamva kukula, kuti ine ndi bambo tili ndi chinsinsi chathu.

Khomalo linandikhumudwitsa. Ndinkayembekeza chinthu chachitali, koma ndinapeza miyala yoyalidwa pansi m'kadzenje, ngati maziko a khola, ziliza za anthu zitazungulira mbali zonse. Bambo anafotokoza kuti pamwamba pake ankaunjikapo zibuma za udzu, ndiponso kuti Aroma anangokhalapo zaka zochepa n'kubwerera kummwera. Iwo atatembenuka kuti apukute magalasi, ine ndinawerama n'kutola kamwala m'mphepete, kakang'ono ngati dzira, kozizira, kandere. Lero ndimakayika ngati Mroma aliyense anakakhudzapo. Mwina kanali kamwala wamba. Ndinakaponya m'thumba la jekete osauza munthu.

Vuto linali pokabisa. Mayi ankapisa m'matumba mwanga ndi m'chikwama Lachisanu lililonse, ndipo pansi pa bedi ankasesapo okha. Malo amodzi okha m'nyumba yonse ndi amene sankatsegulidwa: dirowa ya mwana ija. Ndinakalowetsa m'kasokosi koyera n'kukakankhira pansi pa shawelo. Ndinadziuzanso kuti ndi mphatso ya mwana, kuti akadzakula ndidzamuonetsa.

Patapita masabata atatu, mayi anadzuka m'mawa n'kunena kuti mwana sakugunda. Anathamangira kuchipatala, ine anandisiya ku Shawlands kwa Mayi Nachisale, mayi wachikulire wa kutchalitchi kwathu amene aliyense ankamuthamangira pakagwa vuto. Patatha masiku awiri mayi anabwera kunyumba manja ali lende. Anali mwana wamwamuna, ndipo anabadwa atamwalira kale.

Azimayi a kutchalitchi anabwera masana. Anakankhira mipando kukhoma, nayala zitenje, n'kukhala pansi mozungulira matiresi amene mayi anagonapo pabalaza. Ankaimba chapansipansi. M'nyumba munkanunkha majekete onyowa ndi tiyi. Mayi Nachisale anati zovala za mwana zichoke maso a mayi ake asanazione, ndipo anandiitana kuti ndikagwire thumba. Ndinagwira. Atanyamula shawelo, kasokosi kanatsetsereka n'kugwa pansi, gu! Sokosi simveka choncho.

Anakatola, nakhutulira m'dzanja mwawo. Nkhope yawo inasintha. Anatuluka nako kupita pabalaza, ndipo nyimbo inaduka.

"Amayi, taonani chimene ndapeza m'zovala za mwana. Chokulunga bwinobwino. Analowa m'chipinda muja ndani?"

Ndinaona azimayi aja akuyamba kuyang'anana. Onse anali atalowapo m'nyumba mwathu, ena anabweretsa okha timasokosi timeneto. Ngakhale ndinali mwana, ndinazindikira kuti akuganiza za ufiti, ndipo kuti posachedwa dzina la munthu litchulidwa.

"Ndi wanga," ndinatero. "Ndi mwala wa Aroma."

"Aroma ati? Unautola kuti?" anafunsa Mayi Nachisale.

Ndinayankha m'Chingerezi changa cha ku Gorbals, mopepuka, poganiza kuti ndikukonza zinthu. Ndinati ndinautola pa khoma, m'manda a ku Bearsden.

Wina anati "Mayo ine!" n'kugwira pakamwa. Mayi, amene chibwerere kuchipatala anali asanalankhule, anadzuka pang'onopang'ono n'kutsamira chigongono.

"Mwala wa kumanda m'zovala za mwana wanga?" Mawu awo anali ouma. "Kumandako unapita ndi ndani?"

Bambo anali ataima pakhomo la kukhitchini, atanyamula thireyi ya makapu. Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana makapu. Ndinadikira, ndipo ndikukhulupirira kuti sindinadikirepo chinthu nthawi yaitali chotero m'moyo mwanga.

"Ndi sukulu," ndinatero.

Mayi anandiyang'ana, kenako anagonanso n'kutembenukira kukhoma. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Mayi Nachisale analamula kuti mwalawo ubwerere kwawo tsiku lomwelo, ndipo aubweze ndi amene anautenga. Bambo anaika thireyi pansi n'kunena kuti andiperekeza. Ndinamva mayi wina akuwayamikira kuti ndi bambo wolimba mtima.

M'sitima sitinalankhulane. Pa Roman Road sanawerenge chikwangwani chilichonse. Titafika pakhoma paja anavula chipewa, nanjuta pa udzu wonyowa, n'kundiuza kuti ndiike mwala pamene ndinautola. Kenako munthu wa Chilatini uja anaomba m'manja katatu mwa kwathu.

"Eni malo, pepani," anatero. "Ndi mwana, sanadziwe."

Sindikudziwa ngati ankapepesa asilikali a Aroma kapena Asikotishi ogona m'zilizamo. Misozi inkatsikira m'magalasi mwawo.

"Adadi, ndine ndinapha mwana?"

"Ayi! Usadzanenenso zimenezo. Adokotala anati chingwe cha mchombo chinamukulunga pakhosi. Mwala sungachite zimenezo."

"Ndiye mukawauze amami kuti munabwera nane kuno ndinu."

"Ndiwauza," anatero. "Apeze kaye mphamvu."

Titabwerera tinapeza Mayi Nachisale akutidikira pamasitepe ndi beseni la madzi. Anatisambitsa m'manja ndi m'mapazi tisanalowe m'nyumba, mzimayi wachizungu woyandikana nafe akusuzumira pakhomo pake.

Mayi anapeza mphamvu. Anabwerera kuntchito, anayambanso kuimba kwaya. Ankandiphikira, ankandiluka tsitsi, ankabwera kusukulu aphunzitsi akaitana makolo. Koma pakati pa ine ndi iwo panali pataikidwa chinthu. Ndikalowa m'chipinda ankapeza chochita m'chipinda china. Manja awo akamandiluka ankangogwira ntchito. Mwana wina sanabwerenso, ndipo Novembala aliyense mayi ankakhala masiku angapo osandiyankhula. Kutchalitchi ndinali "uja wa mwala." Ana obadwa pambuyo pake ankandidziwa ndi dzina limenelo osadziwa nkhani yake, ndipo azimayi oyembekezera sankandipatsa chikwama chawo kuti ndiwagwirire. Bambo, amene anandiphunzitsa okha kuti dzina lopatsidwa ndi ena limakhalitsa kuposa khoma, ankamva zonsezi ali chete.

Za Aroma anasiyiratu. Mabuku awo anawaika m'katoni pamwamba pa kabati. Anayamba kundigulira zinthu zimene sindinapemphe, njinga, foni, nsapato zodula, ndipo chilichonse ndinkachilandira ndi mkwiyo. Ndinkawakonda bambo anga, komanso ndinkawada. Kawiri konse ndinawakumbutsa za lonjezo lawo louza mayi, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu ndiponso ndikupita ku koleji. Yankho linali lomwelo, kuti nthawi yake sinakwane. Ine ndekha sindinaulule. Ndinkaopa kuti ndikatero banja litha, ndipo chimenechonso chikhala pamutu panga.

Anamwalira ndi matenda a mtima ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, asananene. Patatha sabata chiikire maliro, alendo onse atapita, ndinawapeza mayi kukhitchini masana akusankha nyemba. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, kuyambira pa chipata paja. Iwo sanasiye kusankha.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Munkadziwa?"

"Sukulu za kuno sizitenga mwana kupita naye kulikonse popanda kalata yoti kholo lisayine. Makalata ako onse ndinkasayina ndine. Ndipo ndi ndani winanso m'Glasgow muno akanatengera mwana kumanda kukaona miyala?"

"Nanga bwanji, amami? Zaka zonsezi?"

Anakankhira nyemba zofumbwa pambali ndi chala.

"Ndinkadikira kuti anene okha. Atalephera, ndinaona kuti ndikawafunsa ndiwada, ndipo ndikawada, nditsala ndi ndani m'dziko la eni ake lino? Mwamuna amachoka. Mkwiyo uja unkafuna pokhala, mwana wanga." Anakweza maso. "Iwe ndinkadziwa kuti suthawa."

Ndinatuluka n'kukayenda m'mbali mwa mtsinje wa Clyde mpaka miyendo inawawa. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Panopa ndili ndi ana anga awiri ku Dennistoun. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mayi sanakhulupirire kwenikweni kuti kamwala kanapha mwana wawo, ndipo bambo sanali munthu woipa. Anali anthu awiri osweka mtima, kutali ndi abale amene akanawakhazika pansi n'kuwauza zoona. Anali ndi katundu amene aliyense ankaopa kumusenzetsa mnzake, ndiye anamutula pa munthu wamng'ono kwambiri m'nyumbamo. Ndikumvetsa, koma sindinganame kuti ndinakhululuka zonse. Ana anga ndinawauza kuti munthu wamkulu aliyense akadzawauza kuti "usakanene," ngakhale nditakhala ine mayi wawo, tsiku lomwelo akanene.

Mayi anakalamba, miyendo inafooka, ndipo chaka chatha anasamukira kwathu. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimawasambitsa, kuwadzoza mafuta n'kuwapatsa mankhwala. Masiku ena ndimachita zimenezi ndi chikondi, masiku ena manja okha ndi amene amagwira ntchito, ndipo ndimaona m'maso mwawo kuti kusiyanako amakudziwa. Sitinakambiranenso nkhani ija. Koma ananena zoona mayi anga. Sindinathawe.