Tsiku limene ndinaphika nazale ya bambo

Mwana wanga wandionetsa pafoni nyumba zapulasitiki zakunja zolimamo tomato, zimene amazitenthetsa ndi madzi otentha ochokera pansi pa nthaka. Akuti ndi nzeru zatsopano. Ine fungo la mazira owola landibwerera m'mphuno.

Kuseri kwa dimba lathu, kufupi ndi nyanja, kunali kasupe wa madzi otentha wonunkha choncho. Mwera ukayamba kuzizira, bambo ankakumba kangalande kuchokera pakasupepo kuzungulira nazale ya tomato, n'kufunditsa mbande ndi udzu. Ankati mbande nazonso zimamva chisanu.

Ndinali wamng'ono, koma ndinaona kuti bambo akuchedwetsa zinthu. Madzi azidutsiranji m'mbali? Ndinatunga ndi kandowa pakasupe penipeni, utsi uli tolotolo, n'kuthira pambande zonse. Ndinabwereza katatu.

Bambo anafika masana. Tomato wa chaka chonse anali atagona pamenepo. Anazula mbande imodzi, yofewa ngati chisoso cha mumphika, n'kuinunkhiza.

"Zapsa bwino, mwanangu," anatero. "Kawauze amayi ako abwere ndi mchere."

Sanandimenye. Chaka chimenecho tomato tinkangomuona m'madimba a eni.

Mwana wanga ndamuuza kuti nzeruzo si zatsopano, angoonetsetsa kuti madzi akudutsa m'mbali.