Consolata ndi Nyimbo Yolowerera pa Maliro a ku Kapondo

Consolata ndi msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Kachebere. Ndiyambe ndanena kuti ku pulayimale masamu ndinkamuposa. Aliyense wa m'kalasi mwathu angachitire umboni, kungoti ambiri anatisiya ndipo otsalawo mitu inakalamba. Ine ndinalekeza sitandade sikisi n'kuyamba kuolotsa shuga pa njinga kupita ku Chipata. Iye anakakamira pa desiki mpaka anakwera ndege. Atatha zaka kunjako anabwerera kumudzi, osati ndi galimoto ngati ophunzira enieni, koma ndi chikwama cha laputopu ndi mapanelo a sola.

Mukamufunsa ntchito yake amati amakonza kenelo. Akuti m'kati mwa foni kapena kompyuta muli kapitawo wosaoneka amene amagawa malo: ichi chikhale apa, ichi chidikire, ichi chichoke. Kapitawoyo ndiye kenelo. Akalakwitsa, anthu a m'maiko akutali amalemberana madandaulo, ndipo Consolata amakhala pakhonde pa mayi ake, miyendo ili pa ndowa yovundikira, n'kumayang'ana galasi lakuda lodzadza tizilembo ngati nyerere zapeza shuga. Sabata imatha akusaka kachilema kamodzi. Ndiye amamulipira. Ine ndikakhala pakhonde m'mawa umodzi wokha, mkazi wanga Jane amafunsa ngati miyendo yathyoka.

Ndipo Jane yemweyo ndi amene amandithira tsabola m'maso. "Mwamva? A Consolata afolera malata nyumba ya mayi awo." Ngati kuti yathu ndinafolera ndi masamba a nthochi.

Masiku ano ndimabena nyimbo pa boda. Ndili ndi kabenchi pamalo pomwe mathiraki amadikirira mapepala. Dalaivala amandipatsa memori khadi, ine n'kumudzadzira nyimbo za paulendo. Laputopu yobenerayo anandipatsa ndi Consolata, yakale, koma ataikamo kenelo yomwe amakonzayo. "Amunanga, tengani iyi, musandifere ndi njala," anatero. Asuweni timaitanana choncho, Jane anazolowera. Ndinalandira ndi manja awiri, mtima ukutukwana.

Tsoka linabwera ndi a Greyson, dalaivala wachikulire, mkulu wa mpingo kwawo ku Kapondo, amene akatsokomola madalaivala onse a pa boda amakhala chete. Apongozi awo atamwalira anandipempha nyimbo za kwaya zoti ziziyimba pa sipika anthu akudikira mwambo. Ndinawabenera. Akuti nyimbo yachisoni ili pakati, anamfedwa akusisima, mwadzidzidzi munatulukira gitala wa m'mabala, uja wouza mayi kuti agwedeze chiuno. Kanthawi kochepa chabe, kenako kwaya n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Akuti mayi wina phewa linayamba kuvina lokha asanakumbuke komwe ali.

A Greyson anafika pa benchi panga nkhope ili gwa. "A Jonasi, mwandivula pamaso pa akuchikazi."

"Bwana, nyimbo imeneyo ndinabenera munthu wina, m'khadi mwanu sindinaikemo."

"Ndiye inakwera kabaza n'kudzatipeza kumaliro? Ndikupita ku Lusaka. Ndikabwera Loweruka, benchi iyi tipatsa wina."

Kuyambira tsiku limenelo madalaivala ankadutsa pa ine ngati pa chulu.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Kachebere, ndikukonza mawu m'njira. "Mkazi wanga, unandipatsa laputopu yolodzedwa kuti ndizisekedwa, eti? Malata sanakukwanire?"

Anatenga khadi ija, yomwe a Greyson anandisiyira pa benchi, n'kuimvetsera. Gitala uja atalira, m'malo mopepesa, msuweni wangayo anaomba m'manja, maso ali ngwee. "Amunanga, mwandibweretsera mphatso! Chilema ichi anthu akhala akuchidandaula apo ndi apo, koma palibe amene wachiona chikuchitika. Chosabwera ukachiitana sungachigwire. Khalani apa, mubene monga mumachitira."

Ine malo anga akupita, iye akusangalala. Ndinabena. Ndinadikira bwinobwino, n'kuchotsa khadi, n'kuika ina. Nyimbo zonse zinatuluka zoyera ngati za pa Khirisimasi. Tinabwereza mpaka mthunzi unachoka pakhonde. Palibe.

Anandiyang'ana cham'mbali. "Inu ndimakudziwani. Ulemu umenewu munauyamba liti? Pa boda mumabena chonchi?"

Zoona, pa boda sizikhala choncho. Mapepala akatuluka, mathiraki onse amaliza mahutala nthawi imodzi, ndipo aliyense amafuna khadi yake pompo. Consolata anandiunjikira makhadi pa mpando, n'kutenga ndowa ija ndi mthiko, n'kuima kumbuyo kwanga. Anayamba kuimenya akukuwa ndi mawu a chidalaivala: "Iwe Jonasi, thiraki ikunyamuka! Yanga ya reggae ija! Changu, nkhalamba iwe!" Mayi wophunzira, wokwera ndege, akumenya ndowa, nkhuku zikuthawa.

Manja anga anakumbukira okha. Ndinatsekula nyimbo za anthu onse pakamodzi, laputopu n'kuyamba kupuma ngati galu wa alenje. Kamzere kosonyeza kubena kakangofika kumapeto, ndinkazula khadi osapempha chilolezo, n'kulowetsa ina bowo likadali lotentha. Sipanatenge nthawi. M'khadi ina ya kwaya munalowa ng'oma za eni ake.

"Ndi chimenecho!" Anataya mthiko. "Tamverani. Kompyuta sithira katundu m'thumba nthawi yomweyo. Imayamba yamuyanika pa mphasa, m'memori mwake, ngati mtedza, n'kumawolera pang'onopang'ono. Inu mumalanda thumba mtedza ukadali pa mphasa, n'kutchera la munthu wina pomwepo. Kapitawo amayenera kusesa zotsalazo n'kutaya. Koma mphasa ikadzadza kwambiri amaphonya kangodya kamodzi, n'kuwolera mtedza wa uyu m'thumba la uyo."

"Ndiye wolakwa ndi kapitawo wakoyo."

"Wolakwa ndi kapitawo. Koma pa dziko lonse, manja omusokoneza chonchi ndi anuwa, ozolowera kuthawitsa shuga."

Masiku otsatirawo anandisandutsa ng'ombe ya pa ngolo. Iye ankatchera tizizindikiro m'kati mwa kenelo kuti aone pomwe kapitawo akuphonyera, ine n'kumazula makhadi, ndowa ikulira. Laputopu ikauma, ankaiyatsanso, n'kusuntha msampha wake, osatopa, osatukwana. Apa ndiye ndinamuda kwambiri, chifukwa ndinaona kuti amaikonda ntchito yake kuposa momwe ine ndinakonderapo chilichonse. Lachisanu anapeza malowo. Chokonzacho ndinachiona ndi maso angawa: timizere tochepa, tosadzadza ngakhale chikhatho cha khanda. Malata onse aja amachokera pa timizere ngati timeneti!

Asanatumize kwa anzake akunja anandionetsa pansi pake. Panali dzina langa. "Ndi mwambo wathu," anatero. "Woona njoka amatchulidwa, ngakhale sanaiphe ndi iye."

Loweruka a Greyson sanafune n'kundiyang'ana komwe. Koma Consolata anabwera atamanga chitenje, n'kunjuta, n'kuwapepesa maliro mwaulemu wonse. Anawafotokozera za mphasa ndi mtedza, n'kunena kuti cholakwa chinali m'makina omwe anandipatsa iye. Kenako anauza madalaivala kuti alize mahutala, ine ndibene mothamanga monga kale, kuti aone okha kuti laputopu yakonzedwa. Boda yonse inasonkhana kudzaona Jonasi akuzula makhadi. A Greyson anatenga ya kwaya, n'kukwera m'thiraki, n'kutseka chitseko. Anaimvetsera yonse, ife titaima padzuwa. Potsika anali akupukuta m'maso.

"Benchi ikhale," anatero. "Koma chifukwa cha mayi awa."

Benchi inakhaladi, ndipo makasitomala anachuluka kuposa kale. Kungoti mukafika pa boda n'kufunsa kwa Jonasi, akuuzani kuti sakumudziwa. Dalaivala wa ku Chipata amauza mnzake kuti, "Kabenetse pa laputopu ya a Consolata, siisakaniza." Dzina langa lili kunja, akuliwerenga azungu amene sadzagula nyimbo kwa ine, pamene benchi yomwe ndinakhoma ndekha ndi misomali yanga yatenga dzina la munthu amene anakhalapo kamodzi.

Jane akuti ndikamupatse nkhuku yothokoza. Ndampatsa tambala wokalamba uja wolira masana. Pomulandira anandikumbutsa kuti ndizidikira kaye ndisanazule khadi, poti kenelo yakonzedwa koma manja anga ayi. Ndimadikira ndithu, iye akakhalapo.